Kugula foni yotchipa yomwe ilandire SIM ya kampani iliyonse

Foni yotchipa imakhala yotchipadi ngati mukailipira ikhala yanu yonse: ilandire SIM iliyonse imene mwaikamo, isakhale ndi ngongole ya munthu wina, ndipo pasakhale wina woti angaizimitse ali kutali. Ogula ambiri amathera nthawi pa kamera ndi kukula kwa sikirini, zinthu zooneka ndi maso, n'kuiwala zimene zabisala mkati mwa foniyo. Ndondomeko ili m'munsiyi ikuyambira musanapite kokagula, mpaka SIM yanu itagwira netiweki.

Choyamba: maloko alipo anayi, ndipo safanana

Wogulitsa akati "iyi ndi yotsekula", mufunseni kuti akunena loko uti.

Woyamba ndi loko wa netiweki. Kampani ya mafoni ikagulitsa foni pamtengo wotsitsa, kapena yolipira mwezi ndi mwezi, imaikhoma kuti izilandira SIM yake yokha. Imatero pofuna kubweza ndalama imene inachotsera pamtengo, kudzera m'mayunitsi ndi mabandulo amene wogulayo azigula. Mukaikamo SIM ya kampani ina, foni ya Android imalemba "SIM network unlock PIN" kapena "Network locked", pomwe iPhone imati "SIM Not Supported". Mwa maloko anayiwa, uyu ndi amene amachoka mosavuta, bola mutsate njira yake.

Wachiwiri ndi kuletsedwa kwa IMEI. Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya madijiti 15, yotchedwa IMEI. Ikabedwa, ikatayika, kapena mwini wake akathawa ngongole, kampani imatha kulemba nambalayo m'kaundula wa mafoni oletsedwa, ndipo makampani ambiri amagawana kaundulayu kudzera ku GSMA, bungwe la makampani a netiweki za mafoni padziko lonse. Foni yotere imayaka bwinobwino, Wi-Fi imagwira, koma netiweki imaikana. Si makampani onse amene amatsata kaundulayu, choncho foni ikhoza kugwira lero, n'kudzakana mukawoloka malire kapena kampani yanu ikayamba kumutsata.

Wachitatu ndi loko wa akaunti. Apple inamuyambitsa mu 2013 ndi iOS 7, dzina lake Activation Lock, ndipo Android inatsatira mu 2015 ndi Factory Reset Protection. Foni ikafufutidwa mwini wake asanachotse akaunti yake, poyaka imafunsa imelo ndi pasiwedi ya mwini wakaleyo. Popanda zimenezo simufika paliponse.

Wachinayi ndi loko wa ngongole, ndipo uyu ndiye amapweteka kwambiri ogula mafoni ogwiritsidwapo ntchito. Makampani ogulitsa mafoni pangongole amaikamo pulogalamu yotha kukhoma foni ali kutali, monga Knox Guard ya Samsung kapena Device Lock Controller ya Google. Wogulitsa akhoza kulipira ngongole ya sabata ino yokha, foni n'kumagwira bwino tsiku limene mukuiyesa. Tsiku lolipira likadutsa, sikirini imangodzaza uthenga wofuna ndalama, ndipo kufufuta foni sikuchotsa lokoyu. Mafoni akuntchito olembetsedwa ndi kampani ali ndi vuto lofanana. Pa iPhone amaonetsa mawu akuti "Remote Management".

Chachiwiri: sankhani zamkati musanasankhe dzina

Yambani ndi RAM, malo amene foni imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu amene mwatsekula. Masiku ano 4 GB ndiye poyambira, ndipo 6 GB imakupatsani mpata wa zaka zingapo. Mafoni a 2 GB amabwera ndi Android Go, mtundu wopepuka umene umakwanira kuimba, WhatsApp ndi zochepa zina, koma mukatsekula mapulogalamu atatu, yoyamba ija imatsekeka yokha. Chenjerani ndi zolembedwa pabokosi ngati "4+4 GB". RAM yeniyeni pamenepo ndi 4 GB. Inayo ndi malo osungira zinthu amene abwerekedwa, ndipo amachedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM yeniyeni.

Malo osungira asachepere 64 GB, ndipo ngati kusiyana kwa mtengo ndi kochepa, tengani 128 GB. Android payokha ndi mapulogalamu obwera nayo amadya kale kuposa 10 GB. Mtundu wa malowo ndi wofunikanso, ngakhale sulembedwa kawirikawiri pabokosi: eMMC imachedwa, UFS imathamanga. Mafoni awiri a RAM yofanana akhoza kusiyana kwambiri liwiro chifukwa cha chinthu chimenechi chokha, ndipo kusiyanako kumaoneka kwambiri malo akayamba kudzaza.

Purosesa muione dzina lake lenileni, osati mawu akuti "octa-core", chifukwa pafupifupi foni iliyonse ili ndi zimenezo. Pamafoni otsika mtengo, MediaTek Helio G99 ndi Snapdragon 680 kapena 685 anapangidwa pa 6 nm (muyeso wa kapangidwe ka purosesa; nambala ikachepa, kawirikawiri purosesa imadya moto wochepa), ndipo amasunga batire bwino kuposa Helio G85 ya 12 nm. Batire ya 5000 mAh yafala tsopano, ndiye kusiyana kwatsalira pa liwiro lotchaja: 10 W imatenga maola angapo kudzaza batire yotere, pomwe 25 W kapena 33 W imachepetsa nthawiyo kwambiri. Funsani ngati tchaja ili m'bokosi, chifukwa opanga ena anasiya kuikamo. Polowetsa tchaja pakhale USB-C.

Kamera musaiwerengere mamegapikiselo. Yolembedwa 50 MP nthawi zambiri imatulutsa zithunzi za 12.5 MP, ndipo timakamera ta 2 MP tapambalipo ndi tokongoletsa kumbuyo kwa foni basi. Jambulani m'chipinda mopanda kuwala kwambiri, muone nokha. Nayo 5G musailipirire ngati kumene mumakhala kulibe. Foni ya 4G ya mtengo womwewo kawirikawiri imakhala ndi sikirini kapena malo osungira abwinopo.

Chimene chimaiwalika kwambiri ndi zaka zimene wopanga alonjeza kutumiza zokonzanso (updates) za chitetezo. Samsung inalonjeza zaka 6 pa Galaxy A16 ya mu 2024, ndipo Google inalonjeza zaka 7 kuyambira pa Pixel 8. Mafoni ambiri otchipa amalandira zaka ziwiri kapena kucheperapo. Izi n'zofunika chifukwa mapulogalamu a banki ndi ena amayamba kukana mafoni a Android yakale. Pamtengo umodzimodzi, foni yapakatikati ya chaka chatha imaposa foni yapamwamba ya zaka zisanu zapitazo: yakaleyo batire yake yatopa, zokonzanso zinatha, ndipo sikirini yake ikasweka kugula ina kumadya ndalama yoyandikira mtengo wa foni yonse.

Chachitatu: foni yotsekula ikhoza kukhalabe yosamva netiweki yanu

Makampani amaulutsa 4G pa mafunde osiyanasiyana otchedwa mabandi, ndipo foni imamva okhawo amene inapangidwira. Ku Africa, ku Ulaya ndi mbali zambiri za Asia, ofala ndi bandi 1 ya 2100 MHz, 3 ya 1800 MHz, 7 ya 2600 MHz, 8 ya 900 MHz, 20 ya 800 MHz ndi 28 ya 700 MHz. Ku United States amadalira ena, monga 2, 4, 12, 13, 66 ndi 71. Mafoni okwera mtengo amakhala ndi pafupifupi onse. Otchipa ndi amene amadulidwa: opangira msika wa America akhoza kusowa bandi 3 kapena 20, ndipo ambiri opangira msika wa China alibe bandi 20.

Kusowa kwa bandi imodzi sikuoneka msanga. Mabandi a mafunde otsika, 700 mpaka 900 MHz, ndi amene amafika patali ndi kulowa m'nyumba za makoma ochindikala. Foni yosowa mabandi amenewa imagwira 4G pakati pa mzinda pomwe mukuiyesera, koma mukatalikira nsanja kapena kulowa m'nyumba imagwera pa 3G kapena 2G. Funsani kampani yanu mabandi amene imagwiritsa ntchito, kenako muwayerekeze ndi a foniyo.

Poyerekezapo gwiritsani ntchito nambala ya modelo, osati dzina la foni, chifukwa dzina limodzi limakhala ndi mitundu ingapo. Pa Samsung onani chilembo chomaliza: F kapena B ndi ya misika yapadziko lonse, U ndi ya makampani a ku United States ndipo kawirikawiri imakhala yokhoma, U1 ndi ya kumeneko koma yotsekula, W ndi ya ku Canada, N ya ku Korea. Pa iPhone lowani mu Settings, General, About, muone Model Number. Zilembo za kumapeto zimatchula msika: LL/A ndi United States, J/A ndi Japan, CH/A ndi China, B/A ndi Britain. Chilembo choyamba chimanenanso kanthu: M ndi yogulitsidwa yatsopano, F ndi yokonzedwanso ndi Apple, N ndi yoperekedwa m'malo mwa yowonongeka. Wogulitsa akalumbira kuti ndi yatsopano pomwe nambala ikuyamba ndi F, mwadziwa kale amene mukuchita naye malonda.

Kuyambira pa iPhone 14 ya mu 2022, mafoni a Apple ogulitsidwa ku United States alibe polowetsa SIM. Amagwira eSIM yokha, SIM yopanda khadi imene kampani imaika m'foni kudzera pa intaneti. Ngati kampani yanu sipereka eSIM, foni yotere ilibe ntchito kwa inu. Palinso amisiri amene amaiboola n'kuikamo kathireyi ka SIM, koma foni yochitidwa zimenezi yataya waranti ndi chitetezo chake ku madzi. Mafoni opangira msika wa China nthawi zambiri sabwera ndi Play Store, chimodzimodzinso a Huawei otuluka kuyambira kumapeto kwa 2019.

Onaninso VoLTE, njira yoimbira kudzera pa 4G. Maiko ena anazimitsa kale 3G: makampani akuluakulu a ku United States anatero mu 2022, ndipo Australia inamaliza mu 2024. Kumene 3G ndi 2G zazimitsidwa, foni yopanda VoLTE imagwira intaneti koma siimba.

Chachinayi: werengerani mgwirizano wonse, osati ndalama ya lero

Foni yoperekedwa ndi kampani pa mgwirizano imaoneka yotchipa chifukwa ndalama yoyamba ndi yochepa. Tengani ndalama ya mwezi uliwonse, muchulukitse ndi miyezi ya mgwirizano, kaya 12, 24 kapena 36, muonjezerepo yoyambayo. Kenako werengerani mtengo wa foni yomweyo yotsekula, muphatikize ndi mabandulo amene mumaguladi pa miyezi yomweyo. Kawirikawiri yotsekula ndi imene imapambana, makamaka ngati mgwirizanowo ukukukakamizani bandulo yaikulu kuposa imene mumatha.

Musanasaine, mayankho a mafunso awa alembedwe papepala: foni ndi yokhoma kapena ayi, idzatsekulidwa liti ndipo idzatsekuka yokha kapena mudzachita kupempha, chindapusa chosiya mgwirizano pakati ndi chotani, ndipo mukachedwa kulipira foni imakhomedwa patatha masiku angati. Funsaninso ngati pulogalamu yokhomera idzachotsedwa mukamaliza ngongole.

Malamulo amasiyana malinga ndi dziko, ndipo kudziwa kumene foni inachokera kumakuuzani poyang'anitsitsa. Canada inaletsa kugulitsa mafoni okhoma kuyambira pa 1 December 2017. Japan inachita zofanana mu October 2021, ndipo Britain mu December 2021. Ku United States lamulo la mu 2014 linalola anthu kutsekula mafoni awo, koma makampani akugulitsabe okhoma. Otchipa kwambiri ndi a mayina monga Tracfone, Straight Talk, Cricket, Boost ndi Metro, ndipo amatsekulidwa pokhapokha atagwira ntchito pa netiweki yawo kwa miyezi ingapo, ena mpaka chaka chathunthu. Foni yotere ikatumizidwa kunja ili yatsopano m'bokosi, ndiye kuti sinakwanitse miyeziyo, ndipo kampaniyo ikana kuitsekula. Foni yatsopano ya mtengo wotsika modabwitsa, yokhala ndi chizindikiro cha kampani ya netiweki pabokosi kapena poyaka, nthawi zambiri nkhani yake ndi imeneyi.

Chachisanu: kuyesa foni wogulitsa ali pompo

Pitani ndi SIM ziwiri za makampani osiyana, kapini kotsekulira thireyi, tchaja, mahedifoni, ndi foni ina yokhala ndi intaneti yoti ipereke hotspot. Ikani padera theka la ola. Wogulitsa wofulumizitsa, kapena wokana kuti muikemo SIM yanu, musiyeni.

Imbani *#06#. IMEI ituluka pasikirini, ndipo foni ya SIM ziwiri ionetsa manambala awiri. Yerekezani ndi ya pabokosi, ya mu Settings, ndi ya pakathireyi ka SIM ngati yalembedwapo. Zikasiyana, ndiye kuti bokosi si lake kapena bodi inasinthidwa. Lembani nambalayo pa tsamba lofufuzira IMEI pa foni yanu ina. Madijiti 8 oyambirira amatchula mtundu wa foni, choncho tsamba likati nambalayo ndi ya foni ina yosiyana ndi imene ili m'manja mwanu, IMEI inasinthidwa. Masamba ena amaonetsanso ngati foni ili m'kaundula wa zoletsedwa, koma mawu akuti "clean" amangotanthauza lero. Foni yobedwa dzulo mwina sinalembedwe.

Ikani SIM yoyamba, zimitsani foni, muyatsenso. Imbirani munthu, iyenso akuimbireni, tumizani meseji, kenako zimitsani Wi-Fi mutsekule tsamba la intaneti, muone ngati pamwamba palembedwa 4G kapena LTE. Bwerezani zonsezi ndi SIM ya kampani inayo. SIM imodzi siikwanira, chifukwa ikhoza kukhala ya kampani imene foniyo inakhomedwera. Ngati foni ili ndi malo awiri a SIM, yesani onse. Mafoni ena amakhoma malo oyamba okha, ena achiwiri amangogwira 2G.

Pa iPhone ya iOS 14 kapena yaposachedwa, mu Settings, General, About muli mzere wa Carrier Lock. Uyenera kulembedwa "No SIM restrictions". Tulutsaninso kathireyi muyang'ane bwino. Mukapeza kachipangizo kopyapyala ngati pepala kogona pansi pa SIM, foniyo ndi yokhoma ndipo kachipangizoko kakungoinamiza kuti ilandire SIM. Tizipangizo totere timagulitsidwa ndi mayina ngati R-SIM ndi Gevey, ndipo timatha kusiya kugwira iOS ikasinthidwa kapena mukasintha SIM.

Tsopano gawo lofunika kuposa onse. Wogulitsa atuluke mu akaunti yake ya Google, ya Samsung, ya Xiaomi kapena ya Apple, inu mukuona, ndipo pa iPhone azimitse Find My. Kenako afufute foni yonse kudzera mu Settings. Ikayakanso, ilumikizeni ku intaneti pa sitepe yoyamba pomwe, musadumphe. Maloko a akaunti, a ngongole ndi akuntchito amaonekera foni ikalankhula ndi kompyuta za kampani yake, ndipo n'chifukwa chake ogulitsa achinyengo amakonda kunena kuti "za Wi-Fi tidumphe kaye, mukapanga kunyumba". Pitirizani mpaka mufike pa sikirini yaikulu, mulowetse akaunti yanu, ndipo foni ikhale pa intaneti mphindi zingapo. Wogulitsa akati foniyi siyenera kufufutidwa kapena siyenera kulandira zokonzanso, akukuuzani kuti loko anangomulambalala ndipo adzabwerera.

Pa Android lowani mu Settings, mufufuze "Device admin apps". Find My Device kapena Find Hub ya Google ndi yachibadwa. Pulogalamu ya dzina la kampani yangongole, kapena imene ikukana kuzimitsidwa, ndi chizindikiro choipa. Pa Samsung, wokonza mafoni akhoza kukuonetsani sikirini ya Download mode, pomwe pali mzere wa KG State, woonetsa mmene Knox Guard ilili. Ukalembedwa Active kapena Locked, foniyo ili m'manja mwa wina.

Zotsalazo ndi zachangu. Pa Samsung zambiri, *#0*# imatsekula mayeso a sikirini, masipika ndi masensa. Onetsani mtundu woyera ndi wotuwa pasikirini yonse kuti muone madontho kapena zithunzi zotsalira. Jambulani mawu, mumvetsere. Lumikizani tchaja, mugwedeze waya pang'ono. Ikamadukiza, polowera patha. Ikani foni patebulo: ikamagwedezeka, kapena chakumbuyo chikatukuka, batire yatupa. Unikani polowera SIM; kachizindikiro ka madzi kamakhala koyera, ndipo kakafiira foni inanyowapo. Pa iPhone onani Battery Health: pansi pa 80% muyembekezere kugula batire, ndipo mtengo utsike molingana. Kuyambira pa iOS 15.2, mu About mumaonekanso ngati batire, sikirini kapena kamera zinasinthidwa.

Mafoni achinyengo amalemba manambala onama mu Settings, monga 256 GB pomwe muli 16 GB. Tsekulani Play Store, Settings, About, muone mzere wa Play Protect certification. Uyenera kunena kuti foni ndi yovomerezeka. Ikani pulogalamu ngati CPU-Z kapena AIDA64 kuchokera mu Play Store, osadalira imene mwaipeza kale m'foni, muyerekeze purosesa ndi imene wopanga analengeza.

Risiti ikhale ndi tsiku, dzina la wogulitsa, modelo, IMEI, mawu akuti foni ndi yotsekula ndipo ilibe ngongole, ndi masiku amene mungaibweze. Pogula pa intaneti, pomwe simungayese musanalipire, lipirani kudzera njira yokhala ndi chitetezo cha wogula, ndipo chitani mayeso onsewa tsiku lomwe foni yafika, nthawi yobweza isanathe.

Chachisanu ndi chimodzi: ngati foni ili kale yokhoma

Wotsekula loko wa netiweki ndi kampani imene inakhoma, osati wopanga foni kapena kampani yatsopano imene mukufuna kupitako. Dziwani kaye kampaniyo, kudzera pa chizindikiro chotuluka poyaka, pabokosi kapena pa tsamba lofufuzira IMEI. Kenako pemphani kudzera pa tsamba lawo kapena ku ofesi, muli ndi IMEI ndi risiti. Zimene amafuna zimafanana pafupifupi kulikonse: ngongole ya foni ikhale itatha, nthawi yoikika ikhale itakwana, ndipo foni isakhale m'kaundula wa zobedwa. Makampani ena amangomvera mwini akaunti woyamba, choncho ndi bwino wogulitsa atsekulitse yekha musanamulipire.

Pa Android yambiri mumalandira kodi, kawirikawiri ya madijiti 8 kapena 16. Zimitsani foni, ikani SIM ya kampani ina, yatsani, ndipo ikafunsa lembani kodiyo mosamala. Musayese zongoganiza. Mwayi wolakwitsa ndi wowerengeka, pa mafoni ambiri kasanu kapena kakhumi, ndipo ukatha foni imafuna kodi yachiwiri yovuta kupeza, ina imakhomekeratu. Musasokonezenso kodi imeneyi ndi PIN ya SIM. PIN ndi ya khadi, osati ya foni; mukailakwitsa katatu pamafunika PUK ya madijiti 8 yochokera ku kampani ya SIM, ndipo PUK ikalakwika kakhumi khadiyo yafa. Werengani bwino mawu a pasikirini musanalembe chilichonse: pakakhala mawu akuti "network", ndi loko wa foni.

Mafoni ena a Android a ku America alibe kodi. Amatsekulidwa ndi batani la mu Settings kapena pulogalamu ya kampani, foni ili pa Wi-Fi. Apa pali msampha. T-Mobile, kampani ya netiweki ya ku United States, ili ndi kutsekula kwa mitundu iwiri, kwamuyaya ndi kwakanthawi kwa masiku 30, kothandiza apaulendo. Foni yotsekulidwa kwakanthawi imalandira SIM yanu tsiku logula, n'kudzikhomanso mwezi ukatha. Lowani pomwe pali Network unlock muone ngati palembedwa kuti kutsekulako ndi kwamuyaya.

Nayo iPhone ilibe kodi. Kampani imauza Apple, Apple n'kusintha pa kompyuta zake, ndipo inu mumangoika SIM ina foni ili pa Wi-Fi. Aliyense wokugulitsani "kodi ya iPhone" akukunamizani.

Samsung ilinso ndi loko wa chigawo pa mafoni ena atsopano, amene anayamba mu 2013. Foni yopangira chigawo china imafuna kuti iyambe ndi SIM ya chigawo chomwecho n'kuimbapo pafupifupi mphindi zisanu, kenako imalandira SIM iliyonse. Chomata cha pabokosi chimatchula chigawocho. Ngati mukuitanitsa kunja, wotumizayo aimbirepo kaye asanatumize.

Otsekula pa intaneti alipo enieni, amene amapeza makodi kudzera kwa anthu a m'makampani, ndipo alipo akuba. Ngati palibe njira ina, weniweni amangofuna IMEI, modelo ndi dzina la kampani. Wofunsa pasiwedi ya akaunti yanu kapena wofuna kulowa mu kompyuta yanu ali kutali, mukaneni. Loko wa akaunti ndi IMEI yoletsedwa sizichoka mwa njira imeneyi. Amene amati "tikonza IMEI" amangoisintha, ndipo m'maiko ambiri umenewo ndi mlandu. Ku Britain lamulo lake ndi la mu 2002. Kutsekula bootloader kapena kuchita root, njira zolowera mkati mwa pulogalamu yoyendetsa foni n'kuisintha, sikuchotsa loko wa netiweki pa mafoni amakono. Kumangochititsa kuti mapulogalamu a banki akane, ndipo pa Samsung kumasiya chizindikiro cha Knox chimene sichibwereranso.

Chomaliza: SIM yalowa, koma intaneti ayi

Izi zimachitika kawirikawiri pa foni yochokera ku kampani ina, ndipo si loko. Ngati mukuimba koma intaneti sikugwira, vuto limakhala pa APN, mawu amene amauza foni njira yolowera pa intaneti ya kampani yanu. Pa Android lowani mu Settings, Mobile networks, Access Point Names, musankhe Reset to default. Zikakanika, onjezani APN yatsopano ndi mawu amene kampani yanu imapereka, musunge, muisankhe, muyatsenso foni. Pa iPhone, yang'ananinso mu General pomwe pali VPN & Device Management; pulofailo yotsalira ya kampani yakale imatha kutsekereza APN yatsopano, ndipo iyenera kuchotsedwa.

Ngati foni ikungogwira 3G, onani kuti Network mode yaikidwa pa 4G kapena LTE, ndipo pa foni ya SIM ziwiri onani kuti intaneti yaikidwa pa SIM yoyenera. Zonsezi zikakhala bwino koma 4G osabwera pomwe mafoni a anzanu akuigwira, bandi ikusowa, ndipo palibe batani lokonza zimenezo. Hotspot ikakana, kawirikawiri ndi pulogalamu ya kampani yakale imene ikufufuza ngati munalipirira, kapena bandulo yanu siilola kugawira ena; yesani SIM ina kuti mudziwe kumene vuto lili. Mu APN, mzere wa APN type ukakhala ndi "default,supl" okha, kuonjezerapo "dun" kumathetsa vutoli pa mafoni ena.

Mapulogalamu a kampani yakale amene sachotseka mukhoza kuwazimitsa mu Settings, Apps, Disable, kuti asadye batire ndi bandulo. Dziwaninso kuti foni ya pulogalamu ya kampani nthawi zina imasiya kulandira zokonzanso ikakhala pa netiweki ina. Mu Settings onani tsiku la Android security update. Likakhala lakale kuposa chaka pomwe mafoni ena a modelo yomweyo akulandira, ilumikizeni ku kompyuta muyese pulogalamu ya wopanga, monga Smart Switch ya Samsung. IMEI muilembe pena posakhala m'foni momwemo, pamodzi ndi risiti, chifukwa kampani ndi apolisi adzaifuna foni ikabedwa.